Mwana akamajomba kapena wasiyiratu sukulu: mafunso ndi mayankho

Ndagwira choko zaka zambiri kupulayimale, makamaka m'makalasi a ana aang'ono. Ena mwa mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa pamsonkhano wa makolo, ena mayi amachita kundiimitsa panjira ya kuchigayo n'kunditengera pambali kuti anthu asamve. Ndawayankha monga ndimayankhira tikakhala pamaso.

Mwana wanga sanasiye sukulu, amangojomba masiku ena. Pali chodetsa nkhawa?

Chilipo, ndipo nthawi yochitapo kanthu ndi inoyi. Sindinaonepo mwana wodzuka m'mawa umodzi n'kunena kuti sukulu basi. Zimayamba ndi tsiku la msika. Kenako Lachisanu lililonse mutu umamupweteka. Kenako amapita ndithu, koma akangomwa phala amazemba pa buleki. Teremu ikamatha, masiku ojomba m'kaundula amakhala ochuluka kuposa obwera, ndipo teremu yotsatira saonekanso. Anthu amati wasiya mwadzidzidzi, chonsecho anayamba kusiya miyezi isanu yapitayo.

Mukafuna kudziwa zoona, tengani kope lake. Ngakhale kuwerenga kukuvuteni, onani madeti olembedwa pamwamba pa ntchito ya tsiku lililonse ndi pamene aphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira. Mukapeza deti lomaliza ndi la masabata atatu apitawo, pomwe mwana amavala yunifolomu m'mawa uliwonse, dziwani kuti alipo malo amene amakhotera. Ena amakhala kuvidiyo, ena kudambo. Nthawi amaidziwa bwino: akamva phokoso la anzawo akuweruka amalowa m'gulu n'kufika nawo limodzi, fumbi lili kumapazi ngati wina aliyense.

Sukulu ndi yaulere. Nanga chimawachotsa ana m'kalasi n'chiyani?

Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino kwambiri. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Sitandade 1 ya ana oposa 100 atakhala pasimenti kapena pansi pa mtengo si yachilendo kwa aliyense wa ife.

Zifukwa zooneka ndi maso mukuzidziwa kale. Njala ya Januwale mpaka Malichi ikafika, mwana amatsagana ndi mayi ake kuganyu. Kunyanja, monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mnyamata wa zaka 12 akathandiza kukoka khoka kapena kuyanika usipa, ndalama amaigwira m'manja tsiku lomwelo. Ku Kasungu ndi Mchinji nyengo yothyola ndi kusoka fodya imapungula makalasi. Mtsikana amatsala pakhomo kulera mwana mayi akapita kukachita geni. Mvula ikachuluka mitsinje imadula njira. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid, ana ena sanabwererenso zitatsegulidwa, ndipo namondwe Freddy atawomba kummwera mu Malichi 2023 makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Koma pansi pa zonsezi pamabisala chifukwa china, ndipo ndicho ndimafuna kholo lililonse lichimvetse. Ndikunena mwana amene amabwera kusukulu koma sakutolapo kanthu. Wafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga. Amakhala m'kalasi mpaka masana akukopera za pabolodi ngati akujambula chithunzi, osadziwa kuti akulemba chiyani. Wabwereza kawiri. Amene anayamba nawo ali patsogolo, amene akukhala nawo ndi a msinkhu wa azing'ono ake. Kutsogolo kuli Sitandade 5, kumene pafupifupi chilichonse chimakhala m'Chingerezi. Mwana wotere ganyu ikamuitana, sikuti yamuchotsa pamalo amene amawakonda ayi, yamupulumutsa ku manyazi a tsiku ndi tsiku. Chimanga chikacha anzake amabwerera m'kalasi, iye sabwerera. N'chifukwa chake mukamugulira yunifolomu ndi kope koma nkhani ya kuwerenga osaikhudza, mumubweza mwezi uno, mwezi wamawa athawanso.

Ndiyambire pati? Kukwapula ndakwapula kale, sizinathandize.

Chikwapu chisiyeni kaye. Chimamuphunzitsa kubisala mochenjera, basi.

Yambani ndi kumva kwa iye mwini, koma musamufunse kuti, "Bwanji sukupita kusukulu?" Adzangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi. Funsani tizinthu ting'onoting'ono, mukutonola chimanga kapena mukusenda nyemba, osati mutamukhazika ngati pabwalo la milandu. Umakhala ndi ndani m'kalasi? Kutsogolo kapena kumbuyo? Za pabolodi umaziona? Aphunzitsi ako amakudziwa dzina? Pa buleki umasewera ndi ndani? Akapanda kutsegula pakamwa kwa inu, tumani agogo ake, azakhali kapena amalume. Kwathu kuno mwana amauza agogo zimene sangauze mayi ake.

Nthawi zina chifukwa chake chimakhala chaching'ono moti munthu wamkulu sangachiganizire. Ndinali ndi mnyamata wina mu Sitandade 3, wokonda masamu, amene anangosowa masabata atatu. Kunyumba ankati wayamba mwano. Agogo ake ndi amene anatulukira kuti kabudula wake anang'ambika kumbuyo, ndipo tsiku limene ndinamuitana kudzalemba pabolodi kalasi yonse inaseka. Ine ndinaletsa phokosolo n'kupitiriza phunziro, osadziwa kuti ndataya mwana. Chinamubweza ndi singano ndi ulusi, komanso kumusiya mwezi wathunthu osamuimiritsa kutsogolo.

Mukamva chifukwa, pitani naye kusukulu. Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake, chifukwa ndi amene akhale naye tsiku lililonse. Musapite kukayambana. Mukanene kuti, "Aphunzitsi, mwana uyu ndi wanu, tithandizane."

Watha chaka osabwera. Kodi ahedi angamukane?

Sayenera kumukana. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere, ndiponso ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Yunifolomu si chifukwa chobwezera mwana; kukakamiza yunifolomu kudachotsedwa pamodzi ndi fizi. Pakakhala ndalama imene makolo anagwirizana kusonkha, nkhani yake ndi ya makolo ndi komiti, si ya mwana. Ngakhale ana a chipembedzo cha Rastafari, amene kale ankabwezedwa chifukwa cha tsitsi lawo, khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti azilandiridwa m'sukulu za boma.

Mukakanizidwa, yambani ndi komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) kapena amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'deralo lothandiza kuti ana asasiye sukulu. Zikakanika pamenepo pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukaonane ndi a PEA, amene amayang'anira sukulu zonse za m'zonimo. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro pa boma. Ndipo musadikire Seputembala kuti chaka chatsopano chiyambe. Mwana akavomera lero, mawa mupite naye. Mtima wa mwana suchedwa kutembenuka.

Abwerere kalasi iti? Wakula, akuchita manyazi kukhala ndi tiana.

Apa mpovuta, ndipo yankho silikhala limodzi kwa ana onse. Kawirikawiri mwana amabwerera kalasi imene analekezera. Koma ndimapempha makolo ndi ahedi kuti asathamangire kulemba dzina m'kaundula. Mphunzitsi akhale naye kaye pawiri, amuwerengetse ndime yaifupi ya Chichewa, amupatse masamu angapo owonkhetsa ndi ochotsera, aone pamene ali. Kumukweza kalasi chifukwa cha msinkhu wokha n'kumuponya m'madzi akuya. Kubweza ku Sitandade 1 mnyamata wa zaka 13 amene mawu ayamba kale kusintha n'kumuuza kuti athawenso.

Chimene chakhala chikundithandiza ine n'kumuika kalasi yapakati, kumene msinkhu wake suonekera kwambiri, kenako n'kumupatsa nthawi yapadera ya kuwerenga anzake akaweruka, iye ndi ena awiri atatu a vuto lomwelo. Komanso mwana wamkulu m'kalasi mpatseni udindo. Asunge choko, agawe mabuku, aziimba belu, atsogolere timu ya mpira. Tiana timene akuopa kuti timuseka timayamba kumupatsa ulemu ngati mkulu wawo.

Ndamva za CBE. Ndi sukulu yanji imeneyi?

Dzina lonse ndi Complementary Basic Education. Unduna wa Maphunziro unaiyamba moyeserera mu 2006 ku Ntchisi, Chikwawa ndi Lilongwe, kenako inafalikira m'maboma ena. Inakonzedwera ana a zaka 9 mpaka 17 amene anasiyira sukulu m'makalasi a m'munsi kapena sanalowemo n'komwe. Amaphunzira maola ochepa patsiku, pa nthawi imene mudzi wagwirizana, m'magulu aang'ono poyerekeza ndi makalasi athu, ndipo owaphunzitsa amakhala achinyamata a m'dera lomwelo amene anafika kusekondale. Cholinga chake n'choti m'zaka zitatu mwana adziwe zimene akadaphunzira kuyambira Sitandade 1 mpaka 5, kuti akalowe Sitandade 6. Amaphunziranso zaulimi, zaumoyo ndi zina zothandiza pamoyo.

Malo a CBE sapezeka paliponse, choncho funsani a PEA ngati alipo m'zoni yanu. Kwa mwana wamkulu amene akukana kwamtuwagalu kukhala ndi tiana, ndi njira yabwino. Chenjezo langa n'lakuti tsiku lowolokera kupulayimale ndi loopsa. Mwana wachoka pagulu pamene aliyense ankamudziwa dzina, walowa m'kalasi ya ana 90 mmene sadziwa munthu. Womuphunzitsa uja kapena kholo amuperekeze, akamupereke m'manja mwa mphunzitsi watsopanoyo, ndipo azifunsa za iye teremu yonse yoyamba.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndingamuthandize bwanji kuwerenga?

Mungathe, ndipo Chichewa chathu chili ndi ubwino wake: chimalembedwa monga chimatchulidwira. Mwana akadziwa a, e, i, o, u ndi maliwu a malembo ena, n'kuyamba kuphatikiza ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, njira yatseguka. Ndondomeko ya National Reading Programme imene boma linayamba mu 2016 m'makalasi a m'munsi imayambira pomwepa, pa maliwu ndi maphatikizo.

Kunyumba tolani zitsekerero za mabotolo, wina wodziwa kulemba alembe phatikizo limodzi mkati mwa chilichonse. Mwana aike "mo" ndi "to" awerenge moto, aike "ma" ndi "dzi" awerenge madzi, kenako afune yekha mawu ena. Pasakhale zitsekerero, pansi palembeka ndi kamtengo. Zowerenga zili ponseponse: paketi ya shuga, thumba la feteleza, chikwangwani cha golosale, buku la nyimbo la kutchalitchi. Kanthawi kochepa tsiku lililonse dzuwa lisanalowe kamaposa maola awiri Lamlungu lokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ngati inuyo simuwerenga, pemphani mwana wa Sitandade 7 wa pafupi azikhala naye, koma inu muzikhala pomwepo n'kumamvetsera. Akakakamira pa liwu limodzi musamuthamangitse, ndipo musalole abale ake amuseke. Ndaonapo mtsikana wa zaka 11 akuwerenga chiganizo chake choyamba, chala chili pa liwu lililonse, milomo ikunjenjemera. Atafika pampumiro anayang'ana kwa agogo ake, amene sadziwa ngakhale lemba limodzi, ndipo agogowo anaimba nthungululu. Mawa lake anali woyamba kufika m'kalasi.

Mwana wanga wamkazi anatenga mimba ali Sitandade 7. Sukulu yathera pomwepa?

Ayi. Kuyambira 1993 dziko lathu lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo inaunikidwanso mu 2006 ndi 2018. Kadziwitseni ahedi msanga, ndi kalata, kuti dzina lake lisafufutidwe ngati la wothawa. Akabereka n'kupeza mphamvu ali ndi ufulu wobwerera, pasukulu yomweyo kapena ina ngati manyazi amukulira.

Musalole kuti mimba isanduke ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo atavomereza, mwana wosakwana zaka 18 asakwatiwe. A Senior Chief Theresa Kachindamoto a ku Dedza anadziwika dziko lonse ndi kunja komwe chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabweza kusukulu, ndipo nyakwawa zololera maukwati otere ankaziimitsa pa udindo. Anaonetsa kuti n'zotheka.

Koma kuthetsa ukwati ndi kulemba kalata ndi mbali yophweka. Funso lenileni n'lakuti khandalo likhala ndi ndani mayi ake ali m'kalasi, nanga liyamwa nthawi yanji. Banja likapanda kukambirana izi poyera, mtsikana amabwerera sabata ziwiri n'kugonja. Gwirizanani kuti agogo kapena azakhali azibwera nalo pafupi ndi sukulu pa buleki, kapena ahedi amulole kuthamangira kunyumba. Akuchimuna nawonso asenze mbali yawo, asangoti zii. Ndipo aphunzitsi anzanga, mawu oti "amayi" kapena "mayi a mwana" m'kalasi asatuluke pakamwa panu, ngakhale mwanthabwala. Muitaneni dzina lake monga kale.

Atsikana ena amajomba masiku ochepa mwezi uliwonse. N'kulakwa kuwafunsa?

Funsani, koma afunse ndi munthu wamkazi, pambali. Nthawi zambiri ndi msambo: alibe chovala chodalirika, chimbudzi cha sukulu chilibe chitseko, madzi ali kutali. Amayi a Mother Group m'sukulu zambiri amasoka mapadi ochapa n'kumagawa. Komiti ya sukulu ikakonza kachipinda kosinthira, n'kuikamo ndowa ya madzi ndi sopo, masiku ojomba amachepa.

Nanga anyamata? Chilichonse chikungonena za atsikana.

Dandaulo limeneli ndalimva kwa abambo ambiri ndipo lili ndi nzeru. Mnyamata amachoka mwakachetechete, popanda mimba yoonekera, ndiye palibe amene amamulondola. Amakaweta ng'ombe, amakwera kabaza, amagulitsa majumbo mumsika, kapena amangowerenga zaka kuti adzapite ku Joni monga achimwene ake. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma ndani amapita kudambo kukafunsa zaka za mbusa?

Mnyamata amene walawa ndalama simungamuuze kuti ndalama n'zachabe, adzakuonani wabodza. Kambiranani naye ngati munthu woganiza. Kasitomala akakupatsa K5,000, chenji uwerengera bwanji? Laisensi ya galimoto udzaitenga bwanji osawerenga? Pangano la ntchito kunja udzasaina osadziwa zalembedwamo? Muloleni geni yake azichita Loweruka kapena akaweruka. Ndipo mawu awa akachokera kwa mwamuna amene iye amamulemekeza, amalume ake kapena wophunzitsa mpira, amalowa msanga kuposa akachokera kwa ine.

Amfumu kwathu amalipitsa nkhuku kapena mbuzi kholo la mwana wojomba. Kwina gule wamkulu amathamangitsa ana kusukulu. Zimathandiza?

Zimathandiza kufikitsa ana pabwalo la sukulu, ndipo sindizinyoza. Mfumu ikalankhula, mudzi umadziwa kuti nkhaniyi si ya aphunzitsi okha. M'madera ena a m'chigawo chapakati zilombo zikatuluka m'mawa, m'mudzi simutsala mwana. Mafumu ambiri anagwirizananso kuti zinamwali zizichitika pa holide, ndipo izi zapulumutsa masabata ambiri a maphunziro.

Koma chindapusa chimagwa kwambiri pa mabanja omwe ndi osauka kale. Gogo wolera ana amasiye anayi mukamulanda nkhuku yake yomaliza, mwawonjezera njala imene inachotsa anawo m'kalasi. Ndimapempha mafumu kuti asanagamule atume kaye amayi a Mother Group kukaona pakhomopo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Penapake chofunika si mlandu koma sopo, kope ndi munthu womudzutsa m'mawa. Ndipo mwana wobwera chifukwa choopa gule adzakhala m'kalasi pokhapokha akapezamo chomukhazika.

Kunyumba kulibe chakudya. Ndimutumize bwanji ndi njala?

Ngati pasukulu yanu pali phala, mutumizeni ndi kapu yake, chifukwa kumeneko adya, kunyumba sadya. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002 ndipo limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi phala la chimanga ndi soya. A WFP nawonso amathandiza m'maboma ena. Kumene kulibe, midzi ina imalima munda wa sukulu kapena kusonkha chimanga pokolola kuti chidzaphikidwe miyezi ya njala. Ndi ntchito yolemetsa kwa amayi ophika, amene amadzuka kusanache kukatunga madzi popanda malipiro, ndipo ayenera kuthokozedwa pamsonkhano uliwonse.

Mabanja ovutikitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, afunse kwa amfumu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu za Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imawonjezera kangachepe pa mwana aliyense amene ali pasukulu.

Mwana wanga amati ndi wogona m'mutu. Mwina sukulu si yake?

Musanavomere mawu amenewo, muyezetseni maso ndi makutu. Ana ambiri otchedwa mbuli amakhala kuti sakuona bolodi kapena sakumva bwino, makamaka amene makutu ankatuluka mafinya ali aang'ono. Kumusunthira kutsogolo kokha kumasintha zinthu. Mwana wachialubino amafunika mpando wa kutsogolo, zilembo zikuluzikulu, chipewa, ndi anzake oyenda naye popita ndi pobwera. Wa khunyu apite kuchipatala, mankhwala alipo, ndipo kalasi iuzidwe momveka kuti khunyu sapatsirana. Malungo obwerezabwereza, likodzo ndi njoka za m'mimba nazo zimafooketsa mwana n'kumaoneka ngati waulesi.

Kwa ana osamva kapena osaona kuli sukulu zapadera monga ku Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi Chilanga ku Kasungu, komanso sukulu zina za boma zili ndi chipinda ndi mphunzitsi wophunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu. A PEA adzakuuzani yapafupi. Kumutsekera m'nyumba ndiye ayi.

Akuti akuopa mphunzitsi wina. Ndimukhulupirire?

Mukhulupirireni kaye, kenako mufufuze. Kumenya ana kusukulu n'koletsedwa, ndipo chibalo chokumbitsa dzenje anzake akuphunzira chimangomuwonjezera kutsalira. Nkhani ya kukalipa kapena chibalo chopyola muyeso kaikambeni ndi ahedi. Nthawi zina kungomusinthira kalasi ina ya Sitandade yomweyo kumakwanira.

Koma mwana akanena kuti wina amamugwiragwira, amamuitanira kunyumba kwake kapena amamudikirira panjira, kaya ndi mphunzitsi, mnzake wamkulu kapena wachibale, imeneyo si nkhani yokambirana kuseri n'kulandira chipepeso. Pitani kupolisi ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mukapite nayenso kuchipatala mwamsanga.

Ndine mphunzitsi, ndili ndi ana 120. Mwana mmodzi wobwerera ndingamusamale bwanji?

Katundu wanu ndikumudziwa, ndausenzapo. Sindikupemphani zambiri. Tsiku loyamba musamuimiritse kutsogolo, ndipo musamulandire ndi mawu oti, "Wabwera lero? Unali kuti?" Mutchuleni dzina, mumuonetse pokhala, kutsogolo pang'ono, pafupi ndi mwana wofatsa amene angamubwereke kope. Sabata yoyamba mufunseni funso limene mukudziwa kuti alikhoza. Mwana amene wamva "wakhoza" pamaso pa anzake amabweranso mawa.

Kaundula musamangoitana kuti mudzaze fomu ya ku ofesi. Lachisanu lililonse muyang'anemo amene wajomba masiku atatu otsatizana, mupereke mayinawo kwa amayi a Mother Group kapena mutume mwana wa m'mudzi mwake akanene kuti, "Aphunzitsi akukufunsa." Mawu awiri okhawo abweza ana ambiri kuposa misonkhano yonse imene ndakhalapo. M'kalasi ya anthu 120 mwana amaganiza kuti akasowa palibe angazindikire.

Akachedwa, musamubweze. Mwina watunga madzi maulendo atatu n'kuyenda makilomita anayi asanafike. Alowe, aphunzire, nkhani ya kuchedwa mukambe ndi makolo.

Anabwerera, koma patha mwezi wayambanso kujomba. Tingomusiya?

Musamusiye. Ana ambiri amene ndawaona akufika Sitandade 8 n'kulemba mayeso a PSLCE atasiyapo sukulu, anabwerera kawiri kapena katatu asanakhazikike. Akayambanso kujomba, bwererani ku mafunso aja: chasintha n'chiyani sabata ino? Mwina kope latha ndipo akuopa kupempha. Mwina mnzake amene ankakhala naye wasamuka. Mwina kunali mayeso ndipo dzina lake linawerengedwa kumapeto pa asembule.

Pali nthawi zimene muyenera kukhala maso kwambiri: sabata yoyamba holide ikatha, masiku otsatira zotsatira za mayeso, miyezi ya njala, nyengo yokolola, komanso akangotuluka kuchinamwali, pamene ena amadziona kuti akula. Gwirizanani ndi mphunzitsi wake kuti akajomba masiku awiri uthenga ukufikeni, inunso Lachisanu lililonse muzitsegula kope lija muone madeti. Lolemba loyamba la teremu mudzuke naye, muyende naye mpaka pakhomo la kalasi, mupereke moni kwa aphunzitsi ake iye akuona, kenako muzipita kumunda.